Pensulo ya a Walter

Ndinachoka ku Phalombe nditatopa ndi kupalasa makina osokera pakhonde la golosale, tsiku lonse zigamba ziwiri basi. Achimwene anga a Lyton, omwe anali msilikali, ndiwo anandiperekeza ku eyapoti. "Usakaiwale kwanu, Esnart," anatero.

Ku Alexandria, pafupi ndi Washington, ndinapeza ntchito yosamalira a Walter, nkhalamba yomwe inamenya nkhondo ku Vietnam. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza. Mwezi uliwonse ankafuna ndiwakankhe pa njinga yawo ya olumala kukafika ku khoma lakuda la ku Washington, lolembedwa mayina a asilikali amene anafa. Manja awo ankanjenjemera, choncho ndine ndinkayala pepala pa dzina la mnzawo n'kumakhutiza pensulo mpaka zilembo zitaoneka. Kunena zoona zinkandibowa. Munthu wamkulu n'kumalirira mwala?

Chaka chachitatu foni inalira ndili m'sitima ya Metro: achimwene awomberedwa ku Congo. Mapepala anga ondilola kukhala m'dzikomo anali atatha, kutuluka kukanakhala kutulukiratu. Sindinapite. Maliro ndinaonera pa foni m'bafa mwa a Walter, thaulo kukamwa, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Khoma lija ndinasiya kulinyoza.

Tsiku lina a Walter anandifunsa komwe dzina la achimwene linalembedwa. Ndinati pachiliza, kumudzi. Anandipatsa pensulo yawo kuti ndikadzapita ndikachite chimodzimodzi.

Pa foni mayi nyimbo inali imodzi: "Kuno kuli bwino, mwanawe. Gwira ntchito."

A Walter atamwalira ndinalongedza. Nditafika kwathu, m'mawa mwake ndinapempha kupita kumanda. Mayi anazengereza, akuti kaye tiyi, akuti dzuwa, mpaka amalume anadzuka n'kutitsogolera.

Manda kunalibe. Chaka china madzi anatsika m'phiri ndi miyala, n'kukokolola mitengo, ziliza, zonse. Panangotsala mchenga.

"Amayi, bwanji simunandiuze?"

"Tikanakuuza ukanatani? Ukanabweza madzi?"

Mtima unandiwawa. Mayi anayenda pamchengapo akuyang'ana phiri, n'kuima. "Panali cha apa," anatero. "Kapena apo."

Ndinatulutsa pepala ndi pensulo ija, koma poyala panalibe. Ndinatsamiritsa pepalalo pabondo, ndinalemba ndekha dzina la achimwene, n'kuliika pansi, mwala pamwamba. Mayi sadziwa kuwerenga. Anagwada n'kuyamba kusisita zilembozo ndi chala, chimodzichimodzi.