Ndinamudumphitsa Mzere wa Opaleshoni

Anzanga, Hayato ndinakumana naye kuntchito, pachipatala cha ziweto ku Yokohama komwe ndine namwino. Analowa atanyamula kagalu kake, Kinako, kakutsokomola ngati katsamwa.

Dokotala atapima anati, "Kachitseko ka mumtima sikakutsekeka, magazi akubwerera m'mbuyo. Pafunika opaleshoni, koma mzere wake ndi wa miyezi isanu ndi itatu."

Hayato anandipeza pakhonde, maso ali psuu.

"Mizuho-san, kafika miyezi imeneyo kameneka?"

Ndinamupatsa nambala yanga kuti azindifunsa za mankhwala. Mankhwala ake ati! Sabata yachiwiri tinali tikudya ramen limodzi, iye akundiseka kuti ndimanunkha agalu.

"Ndili ndi iwe ndi Kinako basi, ndilibenso wina," ankatero.

Ndinagwa nazo, anzanga.

Tsiku lina malo anapezeka pamzere. Oyenera kulowapo anali bambo ena achikulire, a Tokuda, ndi galu wawo. Ndinanamiza dokotala kuti sakuyankha foni. Sindinawaimbire n'komwe... Ndinalembapo Kinako.

Pa opaleshoni anaimitsa mtima wake, makina akupopa magazi, dokotala akusoka timinyewa ta kachitseko kaja tomwe tinali titaduka. Ine ndikupatsira zida, thukuta lili kamukamu. Mtima unayambanso kugunda. Kinako anachira!

Patatha milungu itatu, a Tokuda anaimba foni.

"Chotsani dzina la galu wanga pamzere, watisiya dzulo. Zikomo kwambiri chifukwa chotisamalira."

Ndinakalirira kuchimbudzi.

Apo n'kuti Hayato atayamba kuyankha mawu awiri okha: "Busy, sorry."

Tsiku lodzamupimanso Kinako, anabwera naye mayi wina, khanda lili pachifuwa. Anawerama n'kundipatsa bokosi la maswiti.

"Ndinu a Mizuho eti? Ndine Sumire, mkazi wa Hayato. Ndinali kwa mayi anga ku Sendai kukachira. Akuti mukanapanda inu, galu wanga sakanakhalapo."

Galu WAKE, anzanga!

Ndinamwetulira, ndinawerama, khandalo ndinaliyamikira kuti lafanana ndi bambo ake. Atangotuluka ndinamuimbira Hayato.

"Unandinamiziranji?"

"Aaa Mizuho, usayambe drama. Galu wachira, si zomwe tonse timafuna?"

Anadula.

Mawa ndikukaulula kwa dokotala zomwe ndinachita. Mwina ntchito ithera pomwepo, sindikudziwa.

Anzanga, munthu akayamba kukukondani pomwe chomwe akufuna chili m'manja mwanu, yambani mwafufuza kuti kunyumba kwake kuli ndani.