Tsiku Limene Ababa Anaphika Thabwa

Ababa anabwera kudzationa ku Glasgow m'nyengo yotentha ya kuno, chaka chimene tinasamukira kudera la Govanhill mumzinda momwemo. Amayi anakanitsitsa kukwera ndege, akuti wina ayenera kutsala kuti aziona nkhuku, ndiye ababa anabwera okha ndi chikwama chimodzi komanso jekete yobwereka kwa achimwene awo. Ababa ndi kalipentala wa ku Ntchisi. Zitseko za matchalitchi angapo kwathuko, mabenchi a pasukulu, mabedi a anthu ongokwatirana kumene, zonsezo zinadutsa m'manja mwawo. Chizindikirire ine, sindinawaonepo atakhala pansi dzuwa lili pamutu.

Ndiye taganizani munthu woteroyo ali bindikiro m'nyumba ya m'mwamba, ine ndi amuna anga tili kuntchito kuchipatala. Sabata yoyamba anakonza zitseko zonse za makabati a kukhitchini. Yachiwiri anamasula mpando umene sunali wothyoka n'kuumanganso. Yachitatu ndinawapeza ataima pawindo, manja kumbuyo, akungoonerera mabasi.

"Mwaswera bwanji ababa?"

"Ndaswera. Koma iwe, dziko lino anthu sathyola zinthu? Ndafunsa a khomo linalo ngati ali ndi chitseko chovuta, angondiseka."

Ndinaona kuti ndikachedwa atimasulira bedi. Mnzanga wina wa kuntchito, wobadwira konkuno, anandiuza za kamudzi kena ka m'mphepete mwa nyanja yamchere kumene ankapita ali mwana. Anandilembera papepala zoti tikaone: doko, kanjira kokwera pachitunda pamene umaona zilumba, kanyumba kosungiramo zinthu zakale za asodzi, ndi malo ena ogulitsa nsomba ndi tchipisi amene anawatama kwambiri. Loweruka lina ndili pa ofu, amuna anga ali kuntchito, tinanyamuka awiriwiri. Tinakwera sitima, kenako basi yaing'ono yokhotakhota m'minda. Ababa anali pawindo njira yonse. Nkhosa sanazisamale kwenikweni. Chinawagwira mtima ndi mipanda ya miyala yosanja popanda simenti, ndipo anandifunsa kangapo ngati amene anaisanja akadali moyo.

Kamudziko kanali ka msewu umodzi. Nyumba zoyera zogundizana mbali imodzi, mbali inayo khoma lalifupi, kuseri kwa khomalo nyanja. Mphepo yake inkanunkha mchere ndi zomera zowola za m'madzi. Titatsikira kudoko tinapeza mulibe madzi ngakhale pang'ono. Maboti anali atagona cham'mbali pamatope, zingwe zawo zili lende, mbalame zikuyenda pansi pamene payenera kukhala nsomba.

Ababa anavula chipewa.

"Kalanga ine, anthu awa. Chilala chafika mpaka kuno?"

"Si chilala ababa. Madzi ake amachoka n'kubweranso, kawiri patsiku."

"Amapita kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za mwezi ndi mmene umakokera madzi, zija tinaphunzira ku sekondale, koma ndinaona kuti nanenso ndikusokonezeka. Iwo anangondiyang'ana mondimvera chisoni.

"Madzi oyendera mashifiti ngati iweyo? Chabwino, tiona."

Tinayenda m'miyala ya m'mbali mwa doko mmene munatsala tizithaphwi. Munali tinkhanu tobiriwira, tinkhono tomata pamwala, ndi tinsomba tosaoneka mpaka titasuntha. Ababa anaviika chala n'kulawa, n'kulavula. Anati anamva kalekale kuti madzi ake ndi amchere koma ankayesa ndi mchere wa pang'ono ngati wa m'ndiwo. Ine ndinavula nsapato kuti ndiponde m'madzi, ndipo kuzizira kwake kunandifika m'mano. Ndinatuluka ndikudumphadumpha, iwo akuseka mpaka kutsokomola.

Ndinatulutsa pepala lija kuti tiyambe ulendo wa kuchitunda. Ndipamene tinamva kugogoda. Sikunali kugogoda kwamphamvu, kunali kwa kahamala kakang'ono, kofulumira, n'kusiya, n'kuyambanso. Ababa anapendeka mutu.

"Ameneyo akukhoma yekha ntchito ya anthu awiri."

"Ababa, kuchitunda ndi uku."

Iwo anali atayamba kale kuyenda kulowera kwinako.

Kumapeto kwa doko kunali shedi ya malata yotsekula mbali imodzi. M'kati mwake munali boti lamatabwa losatha kukhoma, nthiti zake zili poyera, matabwa a m'mbali atafika chapakati. Pafupi nalo panali mdala wina wamfupi, wandevu zoyera, atavala juzi yobooka m'zigongono. Anali wamsinkhu wa ababa, kapena kuposerapo pang'ono. Ababa anaima pakhomo phee, akukoka fungo la utuchi ngati munthu wofika kwawo. Kenako anapereka moni m'Chingerezi chawo cha kumishoni, chija chotchula liwu lililonse payekhapayekha, nanena kuti iwonso ndi kalipentala, ngati n'kotheka angakonde kuona ntchitoyo pafupi.

Mdalayo anadzutsa mutu, nati, "Ayi."

Ababa anabwerera m'mbuyo, chipewa m'manja.

"Tiye mwana wanga, akana."

"Sanakane ababa, avomera. Kuno akamati eya, amati ayi."

"Ukunama."

"Zoona. Afunseninso."

Anafunsanso, ndipo mdalayo anayankha kawiri, "Ayi, ayi," uku akuwakodola kuti alowe. Ababa analowa akupukusa mutu. Anandinong'oneza kuti dziko limene madzi amathawa ndipo ayi ndiye eya, munthu uyenera kuyenda mosamala.

Chingerezi cha mdalayo n'chija cholemera cha kumidzi ya kunyanja, choti ngakhale ine amene ndakhala kuno zaka ndithu ndinkangotolapo mawu ena. Ndinayesa kumasulira, koma posakhalitsa ndinaona kuti sakundifuna. Ababa anasisita thabwa limodzi, nalinunkhiza, naligogoda ndi chala. Mdalayo anatchula dzina la mtengowo. Ababa anati ukufanana ndi mkungudza koma ndi wolimbirapo. Mdalayo anagwedeza mutu ngati amaudziwa mkungudza. Kenako ababa anatola puleni yopalira matabwa imene inali pabenchi, naitembenuza, nayang'ana mpeni wake ndi diso limodzi, n'kuuyesa pachikhadabo. Mdalayo anangotenga kathabwa kotsalira, nakapana pabenchi, n'kupatuka.

Ababa anavula jekete n'kundipatsa. Anakoka puleni kamodzi, ndipo chopalidwacho chinatuluka chachitali, chopyapyala ngati pepala, chopotana, chosaduka mpaka kumapeto. Mdalayo anachitola, nachiyang'ana cha kuwala, n'kuseka mano onse panja. Kuyambira pamenepo ine ndinasanduka chokolekapo jekete.

Zimene ndinamva n'zakuti botilo ankalipanga kwa zaka ziwiri, pang'onopang'ono, atapuma pantchito yausodzi. Amene ankamuthandiza anali mlamu wake, koma sabata imeneyo msana unamugwira. Tsikulo anali atakonzeka kuika thabwa latsopano, ndipo anali atataya mtima chifukwa ntchitoyo siitheka ndi manja awiri.

Kuseri kwa shediyo kunali bokosi lalitali lopapatiza, lolumikizidwa ndi paipi ku chigubu cha madzi chimene chinali pamoto wa gasi. Mdalayo anayatsa motowo, madzi anawira, nthunzi inayamba kutuluka m'ming'alu. Anatenga thabwa lalitali n'kulilowetsa m'bokosimo, n'kutseka ndi chiguduli.

Ababa anandiyang'ana.

"Akuliphika?"

"Zikuoneka choncho."

"Ine zaka zonsezi ndimalimbana ndi kuumitsa matabwa, awa akuphika?"

Podikira kuti thabwa lipse, akazi a mdalayo anatulukira ndi fulasiki ya tiyi ndi masikono opaka jamu atakulunga m'kansalu. Sanadabwe kupeza alendo. Anangobwerera kukatenga makapu ena awiri. Anandiuza kuti amuna awo akakhala m'shedimo amaiwala kudya, ndipo ine ndinati matenda amenewo ndimawadziwa, amayi anga alimbana nawo moyo wawo wonse. Tinakhala pamabokosi a nsomba ogadabuza, ife amayi tikucheza, madala awiri aja akuzungulira botilo, kulozerana ndi zala, aliyense akulankhula zake. Nthawi zina ababa ankaiwala n'kuyankha m'Chichewa, mdalayo n'kuvomera, "Ayi."

Nthawi itakwana, mdalayo anapatsa ababa magolovesi achikopa, nawaonetsa ndi manja kuti zikhala zachangu. Anatsekula bokosi, nthunzi inadzaza shedi yonse, anasolola thabwalo n'kuthamanga nalo awiriwo kupita kuboti. Thabwa lija linali louma gwa polowa, tsopano linkapindika ngati mzimbe wanthete. Mdalayo anapana kutsogolo, ababa anakankha ndi phewa kumbuyo, thabwalo n'kutsata mimba ya botilo bwinobwino. Ankakuwirana, uyu m'chinenero chake uyunso m'chake, ine ndikupereka zopanira kwa aliyense wotambasula dzanja. Litakhazikika, ababa anaima chapatali, thukuta lili kamukamu, akupumira m'mwamba.

"Iwe, ukanandionetsa zimenezi ndili mnyamata, bwenzi mipando yanga yonse ili yokhota misana."

Thabwa latsopanolo linayenera kuzizira kaye, choncho anatembenukira ku la m'munsi mwake limene linali lisanathe kukhomedwa. Misomali yake inali yamkuwa. Mmodzi amagwira chitsulo cholemera kunja pamutu wa msomali, wina ali m'kati akuphwanya nsonga yake ndi kahamala mpaka itafutukuka n'kugwira. Ndiko kugogoda kumene tinamva kuja, mdalayo akuyesa kuchita zonse yekha pamene mkono wake unkafika. Ababa analowa m'botimo n'kukhala pansi miyendo ili tambalale. Atakhoma misomali itatu anali atagwira kale kayimbidwe kake.

Ine ndinatuluka kuti ndiwongole miyendo, ndipo ndinapeza doko ladzaza. Maboti aja anali atadzuka onse, akuvinavina pamadzi obiriwira. Ana ndi makolo awo anali pakhoma akuponya zingwe zomangirira nyama kuti akole nkhanu, akazikola n'kuziika m'ndowa, kenako n'kuzibwezeranso m'madzi. Chapatali pang'ono panatumphuka mutu wakuda wosalala, wa ndevu ngati za mphaka, n'kumatiyang'ana. Ndinathamanga kukaitana ababa.

Anatuluka utuchi uli mbuu m'tsitsi. Anayang'ana madziwo nthawi yaitali, nayang'ana pamene tinaima m'mawa, pamene tsopano panali pakuya kuposa msinkhu wa munthu.

"Abweradi," anatero. "Ndipo sanachedwe."

Za nyama ya m'madzi ija anati ndi galu amene anasankha bwino pokhala. Koma za nkhanu zobwezera m'madzi sanazimvetse, ndipo mpaka lero akafotokozera anthu kumudzi amayamba ndi kulumbira kuti sakunama.

Kuchitunda sitinakwere. Kanyumba ka zinthu zakale tinakapeza atatseka. Pa zonse za papepala lija tinakwanitsa doko ndi nsomba basi. Mdalayo ndi akazi ake anatiperekeza kukagula, tonse anayi n'kukhala pakhoma la doko, mapepala otentha pamiyendo. Nsombayo inali yoyera, yofewa, yopanda minga, ndipo ababa anaiyamikira ngakhale anati nsomba yopanda mutu imakayikitsa. Ali pakati pofotokoza zimenezo, dzanja lili m'mwamba ndi nthuli yaikulu, chimbalame choyera cha kunyanja chinatsika mwaliwiro n'kuitsomphola. Ababa anatsala kukamwa kuli yasa, zala zili m'malere. Mdalayo anaseka mpaka misozi, kenako anadula nsomba yake pakati n'kuwaikira papepala.

Pokwera basi, mdalayo anagwira ababa dzanja nthawi yaitali n'kunena zinazake zimene sindinamve. Nditafunsa, ababa anati, "Akuti Lachiwiri tiika linanso."

"Mwamva bwanji?"

"Ndamva."

Lachiwiri ndinali kuntchito. Ndinawalembera papepala dzina la siteshoni ndi nambala ya basi, mtima uli m'mwamba, ndipo amuna anga anawaperekeza mpaka pa sitima. Anabwerako madzulo dzuwa likadalipo, atanyamula botolo la jamu, chala chili chomangidwa ndi pulasitala. Masabata atatu otsalawo anapita kasanu ndi kamodzi. Woyendetsa basi anafika powadziwa n'kumawaimira pafupi ndi doko pomwe, pamene palibe siteji. Kunyumba ankafika ndi nkhani za m'mudzimo ngati mbadwa: wakuti wagulitsa boti, mwana wa akuti akukwatiwa, denga la tchalitchi likudontha. Amayi akaimba foni ankadandaula kuti anatumiza munthu kukaona ana, iye wakapeza ntchito.

Botilo linalowa m'madzi chaka chotsatira, ababa atabwerera kale ku Ntchisi. Akazi a mdala uja ananditumizira chithunzi, ine n'kuchitumiza pafoni ya mng'ono wanga kumudzi. Madzulo ake ababa anaimba.

"Ndaliona. Kuyambira thabwa lachisanu kukafika pamwamba, mbali ya kumanzere, ndi manja anga amenewo. Likuyandama mowongoka?"

"Mowongoka ndithu, ababa."

"Eya. Koma penti yobiriwirayo wasankha ndani? Ukawauze kuti thabwa labwino chonchija limangofuna vanishi."