Dzinja Limene Ababa Anadziwerengera Okha Nyuzi

Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a makina osokera, mtima umabwerera pakhonde la golosale ina kwa Chikweo, pamene Ababa ankasokerapo. Fungolo linkasakanikirana ndi la chitenje chatsopano chisanalawe madzi, la matemba a ku Chiuta amene Che Saidi ankagulitsa pathumba chapafupi, ndi la mango oola m'ngalande. Chaka chimene ndikunenachi ndinali Sitandade 5. Mvula yoyamba inali itagwa, chimanga chitangomera, ndipo anthu ankabwera ndi nsalu za Khirisimasi m'majumbo, aliyense akufuna kuti yake iyambe.

Maso a Ababa anali atayamba kuchita khungu. Kuchipatala anati ndi ng'ala, adikire ikhwime. Magalasi amene anagula kwa venda ankangowapweteketsa mutu. Kusoka ankasokabe, pakuti manja awo ankaidziwa njira ya nsalu ngati mmene mapazi amaidziwira njira ya kudimba. Zimene zinawakanika zinali ziwiri: kulowetsa ulusi pa singano ndi kuwerenga. Zonsezi zinagwera ine, ndipo ndinkazinyadira kuposa diresi lililonse limene anandisokerapo.

Nyuzi zathu zinali zakale. Mwini golosale ankabwera nazo kuchokera ku Liwonde zoti azikulungira sopo ndi mchere, ndipo ankapatulako zina n'kupatsa Ababa zodulira mapatani. Lamulo linali lakuti pepala lisalawe sizasi ndisanaliwerenge. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pa chitini cha penti pafupi ndi phazi lawo, n'kuyamba ndi masamba a Chichewa. Achingerezi ndinkangowakhumudwa nawo, Ababa n'kumandikonza osayang'ana n'komwe. Ntchito ikachuluka ankadula ndisanafike, ndiye ndinkawerenga nkhani yooneka ngati mkono wa malaya, yothera pakhwapa, wakuba asanagwidwe. Amuna a pakhondepo ankamalizitsa okha, wina akuti anamangidwa, wina akuti anathawira ku Mozambiki. Ababa ankaseka n'kunena kuti, "Felesiya ndiye wailesi yanga, sadya mabatire." Mawu amenewo ndinkapita nawo kunyumba ngati switi m'tsaya.

Ndiye kunabwera amalume. Anali achimwene a amayi, eni mbumba yathu, ndipo ankagwira ntchito ku Joni. Anatsika pa njinga yamoto ndi zikwama zamizeremizere, kumbuyo kwawo kuli mwana wawo Linesi, amene ankakhala ndi amayi ake ku Balaka m'tauni. Linesi anali msinkhu wanga, koma anali ndi nsapato zoyera ndi tsitsi loluka mpaka m'khosi. Pa zonse zimene zinatuluka m'zikwamamo, anthu anaiwala mabulangete ndi shuga. Maso onse anali pa tabuleti, chinthu chathyathyathya ngati mbale yagalasi, chakuda, chozizira ukachikhudza.

Tsiku lotsatira amalume anabwera nayo pakhonde. "Alamu, zakale zija tayani. Umu muli nyuzi ya lero lomwe lino, yotentha." Anadina kachizindikiro kena pagalasipo, kamene ankakatchula kuti apu, ndipo panatuluka mitu ya nkhani ndi tizithunzi tamitundu. Anapatsa Linesi kuti awerenge. Ine ndinali nditakhala kale pa chitini changa, pepala lili pamwendo. Palibe anandiuza kuti ndichoke. Kungoti mitu yonse inatembenukira uko, ngakhale wa Ababa, ndipo makina anasiya kulira.

Kunena zoona, Linesi ankawerenga bwino. Chingerezi chinkatuluka m'kamwa mwake ngati madzi a pampopi. Akakankha ndi chala m'mwamba, nkhani inkangobwerabe osatha, yopanda pakhwapa, yopanda dontho la mafuta. Za makuponi a feteleza, za mtengo wa thonje, za mpira wa dzulo lomwe, zonse zinali mmenemo. Amuna amene kale ankatsutsana za nkhani ya miyezi yapitayo tsopano ankangoti kukamwa yasa. Che Saidi anasiya matemba awo kwa ntchentche n'kudzakhala pa benchi. Ine ndinkayang'ana pakamwa pa Linesi, kudikira kuti aphonye liwu. Akaphonya ndinkatsokomola mokweza, koma palibe ankamva.

Tsiku lina Linesi anasiya tabuleti pa benchi akukamwa madzi. Ndinali nditangodya mango, ndipo ndinapukuta manja m'diresi mwachangu n'kuikhudza ndi chala chimodzi. Nkhani inathawa. Panabwera chithunzi cha galimoto yogulitsa, kenako kanthu kozungulira ngati kanyerere kosochera. Linesi anafika akuthamanga. "Iwe, osagwira ndi manja a mango! Wathetsa bandulo ya adadi." Anapukuta galasilo ndi m'mphepete mwa bulauzi yake, pamene panali chidindo cha chala changa, ngati wapukuta chitosi. Ndinapita kuseri kwa golosale, n'kukaima pamenepo mpaka maso anauma.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira zofooka zonse za chinthucho, ngati mmene mkazi wamkulu amadziwira zofooka za mkazi wamng'ono. Chinkafuna netiweki, ndipo pakhonde pathu netiweki inkabwera mwa apo ndi apo. Nthawi zina Linesi ankayenda nacho mpaka pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, atachikweza m'mwamba ngati akuonetsa mwana kwa alendo, kuti nkhani zilowe. Chinkafunanso moto, ndipo moto unali wa sola ya mwini golosale. Kukachita mitambo masiku awiri, chinkangoti zii. Anthu onse ankapempherera mvula chifukwa cha chimanga, ine ndinkapempherera mitambo chifukwa cha tabuleti. Masiku amdima amenewo ndinkatulutsa mapepala anga, koma amuna aja ankati, "Zimenezo tinamva kale, mwanawe," n'kuyamba kukamba za mbuzi.

Chimene chinasintha zonse chinali diresi la mkwatibwi. Mayi wina wa kwa Kawinga ankafuna kusoketsa la mwana wake, ndipo Linesi anati m'nyuzimo waona chithunzi cha ukwati wa mumzinda. Anaika tabuleti pamaso pa Ababa, koma iwo anapukusa mutu kuti akungoona choyera basi. Ndiye Linesi anaika zala ziwiri pagalasi n'kuzitambasula. Diresi linakula, mikanda ya pakhosi n'kuoneka umodzi umodzi. Pamodzi ndi diresilo, mawu a pansi pa chithunzi anakulanso, chilembo chilichonse ngati chala chachikulu, chakuda bii pa kuwala koyera.

Ababa anamugwira dzanja. "Ima kaye. Usasunthe." Anayandikitsa nkhope, ndipo anawerenga mzere wonsewo mokweza, mawu awo akutuluka pang'onopang'ono ngati munthu woyenda koyamba atadwala nthawi yaitali. Atamaliza anabwerezanso. Mayi wa diresi uja anagwira pakamwa. Amene anayamba kulankhula anali Che Saidi. "Atelala, alamu anu akubweretserani maso a ku Joni. Tsopano muona kuti thalauza langa lija munalipotoza mwendo." Anthu anafa nacho chiseko. Ababa sanaseke. Anati, "Mwana wa alamu, tandionetsa mmene wachitira ndi zalazo."

Ine poyamba ndinakondwa, poganiza kuti Linesi ntchito yamuthera. Inamutheradi, koma iye sizinamukhudze. Anaisiya tabuleti m'manja mwa Ababa n'kuthamangira kukasewera fulaye ndi atsikana a pamsika, ndipo anandiitana kuti tipite limodzi. Ndinakana. Ndinakhala pa chitini changa, kudikira kuti maso awo atope andiitane.

Sanatope. M'mawa uliwonse amalume ankatumiza tabuleti, ndipo Ababa asanavundukule makina ankayamba awerenga. Zala zawo zokhakhala ndi singano zinaphunzira kutambasula, kukankha, kubwerera mmbuyo. Mzere umodzi unkangokwana mawu atatu kapena anayi, ndiye ankausuntha uku ndi uku moleza mtima ngati akupinda mpendero. Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali chakuti ankawerenga chamumtima. Ndinkaona kuwala kukuyera pankhope pawo, nsidze zikukwera, kenako kaphwete ka m'mphuno. Ndikafunsa kuti mwaona chiyani, ankati, "Aa, za akuluakulu," maso osachotsa pagalasi. Kale chilichonse chimene Ababa ankadziwa cha dziko lino chinkadutsa pakamwa panga. Tsopano ankapita okha ku Lilongwe, ku Joni, kumaiko a nkhondo, ine n'kundisiya pakhonde ndi ulusi m'manja. Singano yokha ndi imene inandisungira malo. Akati, "Felesiya, ulusi," ndinkachedwa dala pang'ono, kuti amve kuti ndilipo.

Khirisimasi inadutsa, chimanga chinafika m'mawondo, ndipo amalume anayamba kumanga zikwama. Zinamveka kuti tabuleti ipita ndi Linesi ku Balaka, izikamuthandiza sukulu. M'mawa wina ndikusesa pabwalo, ndinamva amayi akulankhula ndi Ababa motsitsa mawu pakhomo. Ankati achimwene awo ndi munthu womva, atapemphedwa akhoza kuisiya, kapena kudzabwera ndi ina chaka chamawa. Ababa anali mkamwini pamudzi pathu, kwawo kunali ku Rivirivi. Anayankha akumanga zingwe za nsapato. "Munda ndikulimawu ndi wawo. Malo a nyumbayi ndi awo. Ndikawapemphenso maso?" Amayi anati ndiye apempha okha, poti ndi mlongo wawo. Ababa anati, "Iyayi. Mukatero mwandivula pagulu." Tsache langa linayamba kuthamanga lokha. Ndinasesa mpaka kuseri kwa khola, kumene sindinkafikako masiku onse.

Masiku otsalawo Ababa anasoka kathumba. Anasankha zidutswa za nsalu yolimba ya yunifolomu, mkati n'kuikamo kabulangete kopyapyala, pakamwa n'kuikapo zipi. Sanayeze ndi tepi, anangoyeza ndi chikhatho. Tsiku lonyamuka anawerenga mpaka njinga yamoto inaima kutsogolo kwa golosale. Anapukuta galasi ndi kansalu, analowetsa tabuleti m'kathumba kaja, n'kuipereka kwa Linesi ndi manja awiri ngati akupereka kwa munthu wamkulu. Amalume anati, "Alamu, mwaisamala kuposa mwini wake." Ababa anangoti ayende bwino, apereke moni ku Balaka.

Fumbi la njinga lisanathe n'komwe, ine ndinali nditakhala kale pa chitini, pepala lili pamwendo. Ndinasankha nkhani yaitali, yosadulidwa, ndipo ndinaiwerenga ndi mawu anga onse, kupuma pamene pali mpumiro, monga ankachitira Linesi. Amuna a pabenchi anabwerera mmodzimmodzi. Ababa anamvetsera manja ali pa makina osapalasa, nkhope italoza kumsewu. Nditamaliza anati, "Wawerenga bwino, mwanangu." Tsiku limenelo ndinadya ngati ndachokera kumunda. Ndinkaona kuti dziko labwerera m'malo mwake, mlendo wapita, Ababa ndi anganso.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndipo pano ndili pabanja ku Balaka komweko, kufupi ndi Linesi, amene timabwerekana mchere. Ng'ala ija anadzaipala kuchipatala patapita zaka, ndipo kuchokera tsiku limenelo Ababa sanapemphepo munthu kuwawerengera kanthu, ngakhale kapepala ka mankhwala. Koma ine za dzinja lija ndinadzazimvetsa pobereka mwana wanga woyamba. Anachita kundipanga opaleshoni, ndipo kwa masiku angapo sindinkatha kudzuka ndekha. Apongozi anga ankandisambitsa, kundiveka, kunyamula khanda n'kundiika nalo pabere. Anali odekha, ndipo ankasangalala kuti akufunika. Ndinkawathokoza ndi mtima wonse. Komabe ndikawaona akuwerama mosavuta n'kumunyamula mwana wanga, ndinkatembenukira kukhoma kuti asaone nkhope yanga. Ndili mwana ndinkayesa kuti pakhonde paja wansanje ndinali ndekha, ndipo kuti kukonda munthu ndi kumuchitira zimene sangathe. Sindinaganizepo kuti bambo angakonde mwana wake, n'kumunyadira pagulu, koma tsiku ndi tsiku n'kumasirira mwakachetechete timaso tiwiri timene tili pankhope pa mwanayo.