Ndinatengera Ndani?

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kwathu m'munsi mwa phiri la Michesi, pamene aphunzitsi athu a Chingelezi, a Muhiwa, analemba pabolodi mawu awiri: take after. Loyambalo ndinkalidziwa, ndi kutenga. Lachiwirilo ndi pambuyo. Tsono kutenga chiyani, pambuyo pa ndani? Mutu unangoti balala.

"Ndi kutengera, ana inu," anatero. "Nkhope, mayendedwe, mtima. Lolemba aliyense adzaimirire, adzanene amene anatengera."

Apa m'pamene zinandisokoneza zenizeni. Amayi anali aafupi, oyera. Ine wamtali, wakuda bii, wamanzerenso. Abambo ndinali ndisanawaonepo. Anachoka pachikamwini ine ndili m'mimba, ndipo dzina lawo silinkatchulidwa pakhomo. Nditawafunsa amayi, anangopitiriza kupeta chimanga ngati sanamve.

Amene anamva ndi amalume, alongo awo a amayi, omwe ankandilera. Loweruka anandikweza panjinga, ulendo wa ku Boma, osandiuza chimene tikukachita. Pafupi ndi msika anaima pa munthu wina wokonza njinga, nati tayala lachepa mpweya, chikhalirecho linali lolimba gwa. Munthuyo anali wamtali, wakuda bii. Pampu anaigwira ndi dzanja lamanzere. Kalanga ine! Iye anangondiyang'ana kamodzi, nafunsa amalume, "Kanu aka?"

"Kanga," anayankha amalume.

Amalume anapalasa njinga, ulendo wobwerera kwathu. Ine ndinangogwira malaya awo onunkha utsi wa nkhuni, osadziwa ngati ndilire kapena ndikondwe.

Lolemba ndinaimirira. "I take after my uncle." Kalasi yonse inafa nalo phwete, poti amalume anali aafupi ngati chitsa, ndipo aliyense ankawadziwa. A Muhiwa anandiyang'ana modabwa. "Iwe, watengera chiyani kwa amalume akowo?" Ndinangokhala pansi. Ndinkadziwa kuti sindinaname.

Lero mawu aja ndimawamva bwinobwino. Amafunsa za magazi, ndipo dzanja langa lamanzere linayankha kalekale pamsika paja. Aphunzitsi sanalakwe kudabwa. Komabe chiganizo chija sindinachikonze mpaka pano, ndipo sindidzachikonza. Amene anandipatsa dzanjali anachita kufunsa kuti ndine wa ndani. Amene anayankha anali amalume.