Chikhomo cha mbuzi ya amayi

Amayi atamwalira, pogawana katundu wawo achemwali anatenga mapoto ndi zitenje, ine ndinasankha mbuzi. Inali yaikazi, yofiirira, khutu limodzi long'ambika, ndipo amayi ankailankhula ngati munthu. Ndinabwera nayo pa matola kuchokera kumudzi mpaka kwathu ku Sadzi, ikulira njira yonse, anthu akundiyang'ana ngati ndachita kuba. Mumtima ndinali nditalumbira kuti mbuzi imeneyi sidzafera m'manja mwanga.

Vuto linali bambo a kunyumba. Anali atangopuma kumene ntchito ya m'boma, ndipo munthu amene wakhala zaka zonsezo akusayina makalata savomera kungokhala. Anadzisankha okha kukhala mkulu woona za mbuzi, munthu woti chibadwire sanawetepo ngakhale nkhunda!

Mvula itayamba anthu anadzala, ndiye mbuzi zinayenera kumangidwa kuti zisatiyambanitse ndi eni chimanga. Kumunsi kwa nyumba yathu kuli kadambo komwe madzi otsika m'phiri amadikha, msipu wake wobiriwira bwino, ndipo pamaonekera pawindo la kukhitchini. Chikhomo chinakhomedwa pamenepo. M'mawa uliwonse, mame asanakamuke, bambowo ankakoka mbuziyo kukaimangirira, madzulo n'kukaitenga. Malo omwewo tsiku ndi tsiku, mpaka udzu unafupika ngati wometedwa, ndowe zili mbwee.

Pofika mu Febuluwale ndinaona kuti zinthu sizili bwino. Ubweya unanyankhalala, kumchira kunali konyowa ndi kutsegula m'mimba, nthiti zikuoneka koma mimba ili tuu.

"Bambo, mbuziyi ikudwala," ndinatero.

"Mayi, inu za ziweto simudziwa," anandiyankha, manja kumbuyo ngati akuyendera ofesi. "Taonani mimbayo, yakhuta imeneyo. Gwiraninso pansi pa chibwanopa, mafuta okhaokha."

Pansi pa chibwano panali patatupadi, pofewa ngati kajumbo ka madzi. Iwo ankapasisita monyadira, mpaka kuitana anzawo a kutchalitchi kuti adzaone mmene mbuzi imanenepera ikapeza wodziwa kusamala. Ine mtima unkangowira.

Nditalimbikira kuti tiitane alangizi a ziweto, bambowo anati palibe chifukwa chovutitsira anthu. Anathyola masamba a nimu n'kuwasinja mumtondo wanga wa nsinjiro kuti aziimwetsa mbuziyo. Sabata yathunthu tinadya ndiwo zotendera zowawa, mbuzi ikungotsegulabe m'mimba. Kenaka anatsikira m'tauni n'kubwerako ndi botolo la mankhwala a njoka za m'mimba. Ndinati zikomo, nzeru zabwerera. Ayi ndithu! Anaimwetsa theka la kachitsekerero, ati mankhwala a masiku ano ndi amphamvu, ingaledzere. Botololo analiika pamwamba pa kabati, pafupi ndi mapepala awo a penshoni.

Tsiku lina m'mawa mbuziyo inakana kudzuka. Sindinafunsenso munthu, ndinangomanga chitenje n'kupita ndekha kukawatenga alangizi. Anali mayi wachitsikana woyenda pa njinga yamoto. Anagwada, anatsitsa chikope cha mbuziyo ndi chala, m'kati muli mbuu ngati pepala. Anaimwetsa mankhwala okwanira, koma anandiuza mosabisa kuti magazi atha. Inafa m'mawa mwake, mutu uli pamwendo panga.

Alangiziwo anabweranso n'kupempha kuti aitumbule tione. Atang'amba chifu, ndinaona tinyongolotsi tofiira, topyapyala ngati ulusi, tosawerengeka, tina tikugwedezekabe. Anati timeneti timaluma khoma la chifu n'kumayamwa magazi, ndipo chifu chikadzaza mabala, nyama imadya koma chakudya sichigwira thupi. Pachibwano paja sanali mafuta, anali madzi.

Ndinawayang'ana bambowo. Mawu anali atadzaza kale m'kamwa mwanga, za nimu, za mtondo wanga, za kachitsekerero kaja, ndipo ndinkangodikira kuti mlendo achoke.

Koma alangizi anali asanamalize. Anatsikira kudambo n'kuima pa chikhomo. Anati mazira a njokazi amatuluka ndi ndowe, amaswa pa nthaka yonyowa, ndipo timphutsi take timakwera udzu m'mawa kukali mame. Mbuzi yomangidwa malo amodzi imangodya matenda ake omwe, ndipo ngakhale mankhwala akwanire, imawatolanso mawa lake.

"Anasankha malo ano ndani?" anafunsa. "Bwanji chikhomochi osamachisuntha?"

Chikhomocho ndinakhoma ndine, ndi mwala, ndi manja angawa. Kawiri konse bambowo ananenapo zoti mbuziyo tiisunthire kumtunda kouma, kuseri kwa nthochi, ine n'kuwakalipira kuti kumeneko akuba aitenga. Zoona zake sizinali za akuba. Ndinkafuna kuti ndikamatsuka mbale ndizikweza maso n'kuiona, khutu lija likugwedera, ngati amayi akadali pafupi.

Ndisanatsegule pakamwa, bambowo anatsokomola.

"Ndine, mayi," anawauza alangiziwo. "Ndinaona ngati msipu wabwino uli pano."

Alangizi anawadzudzula ndithu, mwaulemu koma mosanyengerera, iwo akungogwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinapsa mtima kuposa kale, chifukwa mawu onse ndinakonza aja analibenso kopita, ndipo ndinayenera kuwameza ndekha.

Mbuziyo tinaikwirira kuseri kwa nthochi, malo omwe iwo ankanena aja. Nkhani ya chikhomo sanaitchulepo mpaka lero, ngakhale tikakangana pa zina. Chikhomocho chikadali pomwepo. Akamatchetcha udzu kudambo amachilambalala, ndipo ine ndikamatsuka mbale ndimachiona.