Mabatire Obwereka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha laputopu yothiridwa tiyi. Nditamaliza maphunziro a zamakompyuta ndinkakonza mafoni pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Old Town, digiri ili phee m'sutikesi. Mwini laputopuyo, a Mhango, anali wapampando wa bungwe la akatswiri osunga mbiri ya odwala pakompyuta. Nditaikonza n'kuyaka, anandifunsa ngati ndimaidziwa seva. Ndinavomera ndi mutu ndi pakamwa pomwe, ndipo Lolemba lake ndinakwera minibasi ya ku City Centre.

Bungwelo linali ndi dzina lalitali koma chipinda chimodzi. Ntchito yanga yeniyeni inali pa kachipatala kena kumene tinkayesera makina athu. Wodwala akafika, namwino ankawalitsa kachizindikiro ka mizeremizere pa kabuku kake ka kuchipatala, mbiri yonse n'kuonekera pa sikirini: sikelo yake, mankhwala amene akumwa, tsiku lobweranso. Zonsezi zinkasungidwa mu seva, kabokosi kotsekeredwa m'kabati, kodalira mabatire ndi invata. Mabatirewo anali atafa kalekale. Magetsi akathima seva inkazima, a Sisita Phiri, mkulu wa anamwino, n'kubwerera ku mapepala, mzere wa odwala n'kukafika kunja kwa geti. Ine ndinkangozungulirazungulira ndi sikuludiraiva m'manja ngati ndikuthandiza.

Chiyembekezo chathu chonse chinali pa bungwe linzathu la ku Ulaya. Linkafuna kusankha dziko limodzi loti ligwirizane nalo, kuika sola m'zipatala zake ndi kuphunzitsa akatswiri ake, choncho linatumiza mayi wina kudzaona ndi maso. Tikanasankhidwa, chipatala chikanapeza magetsi ndipo ine ndikanapitiriza ntchito. Kupanda apo, bungwe lathu linalibe mphamvu zondisunga.

A Mhango anandiitana mu ofesi. "Mlendo ndi mame, achimwene. Tisamuonetse manyazi athu. Kapezeni mabatire."

"Bwana, nanga si mabatirewo ndi amene tikupempha?"

"Zimenezo tidzazikamba mwaulemu pa chakudya. Kodi kwanu mlendo mumamukhazika pa mphasa yong'ambika?"

Zoonadi, kwathunso mlendo akamabwera timakabwereka mipando kwa aneba. Mabatire ndinakawatenga kwa alamu awo a bwanawo ku Area 15. Ndinawalumikiza, ndinapukuta fumbi m'kabati, mawaya ndinawamanga bwinobwino, ndipo kunena zoona ndinanyadira ntchito ya manja anga.

Tsiku la mlendo magetsi anathima m'mawa, ngati anachita kuuzidwa. Masikirini sanaphethire n'komwe. Odwala ankangodutsa, kachipangizo kosindikiza kakulavula timapepala ta mankhwala, mayi uja n'kuwomba m'manja. Kenako anafunsa a Sisita ngati amavutika magetsi akathima. A Sisita anayang'ana a Mhango, anandiyang'ana ine, n'kumwetulira.

"Ayi mayi, zikuyenda."

Nanenso ndinamwetulira. Ukanatani, aliyense atavala za pa Sabata?

Pa chakudya ku Area 11 a Mhango anayamba ndi kuthokoza, anakamba za mvula, anafunsa za ulendo ndi za ana kunyumba. Ankadikira kuti mlendo afunse yekha kuti tikusowa chiyani, paja munthu waulemu sayamba kupempha mlendo asanakhute. Mayi uja sanafunse. Anali ataona kale ndi maso ake, ndipo ndege yake inkamudikira. Mmawa mwake ndinabweza mabatire kwa eni ake.

Yankho litabwera, linali lodzaza ndi matamando. Anati ife tili patsogolo, ndife chitsanzo, ndipo thandizo lapita ku dziko lina kumene mayiyo anapeza seva itazima, anamwino akudandaula pamaso pake. Anatipemphanso kuti tiziwalangiza anzathuwo pa intaneti. A Mhango anawerenga yankholo n'kuvula magalasi. Sindinawakwiyire. Anachita zimene tonsefe tinaleredwa nazo, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti mlendo wina akadzabwera tidzasesanso.

Mwezi utatha ndinabwerera pakhonde la mmwenye. Chimene ndinatolako n'chakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: wobwera kudzaona vuto umamuonetsa vutolo, lonunkha momwemo. Koma nzeru imeneyi ndinaipeza ndilibenso poigwiritsira ntchito.

Tsiku lina a Sisita Phiri anandipeza pakhondepo, foni yawo itasweka galasi. Ndinawafunsa za seva. Anati kabati ija masiku ano amasungiramo zidebe ndi zokolopera. Akunyamuka anatembenuka.

"Achimwene, alendo anu aja adzabweranso liti? Ndi tsiku lokhalo limene odwala anga anapita kwawo dzuwa lisanapendeke."