Mugone Mbali Yomwe Inagwa

Inu amene mukuyang'ana khoma long'aluka kwanuko n'kumati zanu zada, tamvani za mayi wina wa ku Maravia. Dzina lake Zeferina.

Mlongo wake, Horácio, anafika kumudziko kutada kale. Mota, njinga yamoto yomwe anakwera ku Fíngoè, inamutula patsinde pa mango, kuseri kwa Chiputo. Woyendetsa analoza ndi chibwano kumene kunkaoneka kamoto. Anati adzamutenga mamawa, mvula ikalola. Anatembenuza mota. Nyali yake inamezedwa ndi tchire.

Horácio anakulira m'tauni ya Tete. Munthu wa mapazi oyabwa. Lero ku Moatize, mawa ku Ulongwe, mkuja kumalire, chikwama cha mawaya ndi zikuto za telefoni chili kumsana. Koma kuno anali asanapondeko. Mdima wa kuno unali wina, wopanda ndi babu limodzi lomwe.

Sanabwere kudzacheza. Anabwera kudzatenga ana.

Nkhani yake inali iyi. Zeferina anatengedwa chitengwa ndi Benedito, wokumba golide. Chaka china mgodi unamusekerera Benedito, ndipo anamanga nyumba yonga za m'tauni. Njerwa zosaotcha, kunja anamata simenti. Denga analibisa kuseri kwa khoma. Khonde anakana, ati khonde ndi chimidzimidzi. Anthu ankachoka kutali kudzaiona.

Kenako dzenje linamukwirira Benedito.

Dzinja la chaka chomwecho, madzi analowa m'ming'alu ya simenti. Njerwa zinamwa madzi mobisika. Kunja nyumba inkawala, m'kati mwa khoma muli phala. Tsiku lina madzulo Zeferina anasuntha mphasa ya ana chifukwa pankadontha. Asanayale bwino pena, khoma linagwa. Linagwera pomwe panali mphasapo.

Mnansi wina anajambula n'kutumizira Horácio. Pachithunzipo panali mulu wa dothi, malata opindika, ndi ana awiri, Stélia ndi Tiago, atakhala pakhomo pa kakhitchini kofoleredwa ndi lona. Makolo awo a Horácio ndi Zeferina, omwe anabwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, anali atatsogola kale. Mwini mbumba tsopano anali Horácio. Anaimba telefoni, mtima uli m'mwamba.

"Mvula ina ikadzakupezani m'khitchinimo, ana ndidzawatenga."

Zeferina anangoti, "Ndamva, mano." Ankamuitana choncho, mano, mawu achipwitikizi otanthauza achimwene.

Tsopano mvula inayo inali itafika. Kumwamba kunalibe nyenyezi. Mphepo inkanunkha fumbi lonyowa.

Horácio anayenda molunjika kamoto kaja. Galu anauwa. Atayandikira, anaona zomwe ankaopa. Kakhitchini komwe kaja. Lona yomwe ija. Mphasa zoyala, mabulangete pachingwe, ana atakhala m'mbali mwa moto.

Kunena zoona, sankafuna kuwatenga. Ku Tete anali ndi chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa baraka yogulitsa mowa. Bedi limodzi. Poto analibe. Njira yonse ankapemphera kuti akapeze nyumba itaima. Koma mawu anali atanena kale, ndipo malume sangasiye ana a mlongo wake pansi pa lona dzinja lachiwiri.

Ana anamulandira chikwama. Zeferina anagwada pang'ono, kapu ya madzi ili m'manja. Anali ataonda. Manja ake anali okakala ngati khungwa.

Horácio sanakhale n'komwe pansi. Anauza mlongo wake kuti amange zovala za ana usiku womwewo, chifukwa mota ibwera m'mawa.

"Ngakhale madzi simunamwe, mano," anatero Zeferina. "Yatsani nyali ya telefoni yanuyo. Tiyeni."

Anazungulira kuseri kwa nkhokwe. Kuwala kunagwera pa mizati. Kenako pa udzu wa khonde. Kenako pa khoma lathunthu, loima njo. Chitseko chinali chomangidwa ndi luzi.

Zeferina anamasula luzilo. M'kati munkanunkha dothi lozira kumene. Munalibe kanthu, kupatula mphasa imodzi yatsopano yoyalidwa m'mbali mwa khoma. Anati nyumbayo inatha masabata apitawo, ana akhala akulirira kulowamo, koma iye anakana.

"Mawu aja ananena ndinu. Ndiye muyambe ndinu kugonamo. Mugone mbali yomwe inagwa. Ikadontha, kapena khoma likanyowa, mawa muwatenge. Sindidzakutsekerezani njira."

Horácio anasisita khomalo. Dothi lokhalokha. Kwawo ku tauni, khoma ladothi ndi chizindikiro cha umphawi. Anafunsa komwe kunapita simenti ya malemu alamu ake.

"Mwaiponda pobwera," anatero Zeferina.

Anabwerera kukhitchini. Akudya chinangwa chowiritsa ndi tiyi wa masamba a mandimu, Zeferina anafotokoza zonse.

Anati dzinja lija litatha, anangokhala. Manja m'khosi. Ankayang'ana mulu wa dothi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chomwe chinamudzutsa ndi Tiago. Mwanayo anamufunsa tsiku lina ngati kwa amalume ku Tete amalola kupita ndi mbuzi. Anali atayamba kale kutsanzikana ndi kambuzi kake.

M'mawa mwake Zeferina anatenga nyundo ndi chitsulo chomwe mwamuna wake ankaswera miyala. Anayamba kugumula simenti pa makoma atatu otsalawo. Mudzi wonse unati chisoni chamuzunguza mutu. Ena akulira simenti, iye akuichotsa. Apongozi ake anabwera akulira, ati akufafaniza dzina la mwana wawo. Zeferina anangowaonetsa zomwe zinali kuseri kwa simentiyo. Chinyontho. Njira za chiswe. Njerwa zofumbutuka ndi chala.

Mmisiri analibe chomulipira. Anabwereka chikombole, nayamba kuumba yekha.

Njerwa zoyamba anaumba ndi dothi la pachulu lokhalokha, poganiza kuti ndiye lolimba. Zitauma zinang'aluka zonse. Zachiwiri anasakaniza ndi mchenga wa kumtsinje. Zinatuluka bwino, koma mbuzi zinagonapo zisanaume. Yoyamba kupondapo inali ya Tiago yomwe ija. Analira tsiku limenelo, kenako anaseka, kenako anakadula minga n'kutchinga. Zachitatu zinauma bwino.

Nkhuni zinangokwana kauvuni kakang'ono. Ndiye zootchazo anazisungira m'munsi, momwe mvula imathovukira. Pamwamba anaika zosaotcha.

Chovuta chinali miyala ya maziko. Miyala yafulati, yosafuna kugula, inali malo amodzi okha. Kumgodi. Pa milu yomwe okumba golide amataya. Pafupi ndi dzenje lomwe linadya Benedito.

Apa Zeferina anasonkheza moto.

Anati tsiku loyamba anafika pamtunda n'kubwerera wopanda kanthu. Tsiku lotsatira anatola mwala umodzi, osayang'ana kudzenjeko. Kenako anayamba kupita ndi njinga ya malemu, kumanga thumba la miyala pakaliyala, n'kumakankha. Anzake a Benedito poyamba ankathawa maso ake. Pambuyo pake ankapeza atamuunjikira miyala yabwino pambali pa njira.

Khoma loyamba linapendekeka. Analigwetsa yekha lisanafike m'chiuno. Anamangirira kamwala kuchingwe, n'kumayezera pamenepo mzere uliwonse. Madzi ankamutungira amayi a mumpingo, iye n'kukawabwezera pokumba mtedza m'minda mwawo. Tsiku lokweza mitengo ya denga anaphika thobwa, abambo anabwera. Malata opindika aja anawawongola ndi chipika. Mabowo a misomali yakale anawatseka ndi zidutswa za ndowa zapulasitiki zosweka, zosungunula pamoto.

Malatawo anangokwana nyumba yokha. Khonde anafolera ndi udzu, kuzungulira mbali zonse, pa mizati ya muwanga yomwe chiswe sichiikonda. Mtolo woyamba wa udzu anabweretsa apongozi ake aja. Anautula pansi, nati mwana wawo akanamvera za khonde, n'kubwerera kwawo.

Zeferina akumaliza, dontho loyamba linagunda lona. Kenako lachiwiri. Kenako chimvula.

Horácio anathamangira m'nyumba muja. Anagona pamphasa, msana utagunda khoma la mbali yomwe inagwa ija. Anatsimikiza kuti sagona tulo. Ankaunika kudenga. Ankagwira khoma. Mvula inkasokosa pamalata, mphepo ikukankha chitseko. Iye ndi munthu amene m'nyumba zogona alendo amangotembenuka mpaka kucha. Koma fungo la dothi lija linamugonjetsa. Sanadziwe kuti telefoni inagwa nthawi yanji m'manja.

Anadzidzimuka kukuyera. Anagwira bulangete. Louma. Anagwira khoma, kuyambira m'munsi mpaka pomwe dzanja linafika. Louma. Anapuma mpweya wautali.

Ndiye anaona pafupi ndi chitseko. Kamalo konyowa, kukula kwake ngati mbale. Anayang'ana kumwamba. Kabowo kamodzi ka msomali kanali katatseguka, kakuonetsa kuwala.

Zeferina anali ataima pakhomo. Nayenso anali ataona. Anatembenuka, napita kukhitchini. Horácio atamutsatira, anamupeza atayala kapulana, chitenje chake, pansi, akupinda malaya a Stélia. Ana anali atakhala pakona. Tiago anali atakumbatira kambuzi kake.

"Ukutani, mlongo wanga?"

"Yadontha, mano. Ndinanena ndekha."

Horácio anatsegula chikwama chake. Anatulutsa chikuto cha telefoni, chofiirira, chonyezimira, chomwe akhala akuyenda nacho miyezi osagulidwa. Anapempha kachitini ndi makala. Anapempha makwerero. Stélia anaseka ataona amalume a nsapato zosongoka akukwawa padenga ngati nalimata. Pulasitiki inasungunuka, inanunkha, inatseka bowo. Anadziwotcha chala.

Ali pamwamba pomwepo, anaona bwalo lonse koyamba.

Zidutswa za simenti zija zinali zitayalidwa bwinobwino, kanjira kochokera pakhomo mpaka kunkhokwe. Zina zinali m'ngalande yozungulira nyumba. Madzi onse a usiku anatsata ngalandeyo n'kukathera pa nthochi zinayi kumunsi kwa bwalo. Pansi pa khonde panali pouma, nkhuku zikusamba fumbi. M'munsi mwa khoma munali mzere wa dothi lofiira, pamwamba dothi loyera la kudambo. Kumpanda kunali mapapaya ang'onoang'ono, aliyense atatchingidwa ndi minga.

Anatsika, akuyamwa chala chopsacho.

"Kwanga ku Tete kumadontha malo atatu," anatero, "ndipo ndimalipira mwezi ndi mwezi. Masula kapulanayo. Ana ali kwawo."

Zeferina anakhala pansi pomwepo. Anaphimba nkhope ndi malaya a Stélia aja. Mapewa ankagwedezeka. Sizinkadziwika ngati akulira kapena akuseka, ndipo Horácio sanafunse.

Ana sanadikire kuuzidwa kawiri. Anakoka mphasa zawo kudutsa pakanjira ka simenti, akukangana za amene agone pafupi ndi zenera. Kambuzi kanafuna kulowa nawo. Zeferina anakathamangitsa, ati pansi pozira kumene si pa ziboda.

Mota inafika dzuwa lisanatuluke bwino, matope mpaka m'masipoko. Woyendetsa anali atamangirira pilo pakaliyala, pokonzekera ana awiri. Anafunsa kuti alendo ang'onoang'ono aja ali kuti, chifukwa mtsinje ukudzaza ndipo sadikira.

Horácio anati akwera yekha. Woyendetsayo anayang'ana nyumba, anayang'ana Zeferina, n'kumasula pilo uja.

Zeferina anapatsa mlongo wake kathumba ka mtedza. Anamuuza kuti akadzatopa ndi kuyendayenda, mbali ija ya khoma ndi yake. Horácio anati akadzabweranso adzatenga galasi la pazenera. Mota inalira. Pokhota pa mango paja anacheuka. Lona ija inali itatsitsidwa kale pakhitchini, Stélia ndi mayi ake akuipinda, wina uku wina uku.

Inu amene mukuwerenga, mwina kwanu denga likudontha. Mwina khoma lapendekeka, ndipo mukudikira tsiku lomwe mudzapeze matumba a simenti ndi mmisiri wa m'tauni. Tsikulo likhoza kuchedwa. Mvula siichedwa.

Yang'anani zomwe zili pabwalo panu. Chulu. Mchenga. Malata akale. Anansi omwe mungawathandize lero kuti adzakuthandizeni mawa. Zeferina anaumba katatu asanapeze njerwa yabwino. Anagwetsa khoma lomwe anamanga yekha. Ndipo atamaliza, panatsalabe kabowo kamodzi. Kabowo sikagwetsa nyumba ngati pali wokatseka.

Njerwa zanu zoyamba zikang'aluka, musataye chikombole. Mtima nawo musautaye. Pondaninso dothi.